Mbiri ya Kasungidwe ka Nyama m'Cigwa ca Luangwa

Munthu akacoka ku Chipata kulowera kumpoto cakumadzulo, amatsika mapiri nafika m'cigwa cacikuru cotentha, cimene eni ace amacicha Malambo. Pakati pa cigwaco payenda mtsinje wa Luangwa, umene ucokera ku mapiri a Mafinga nukathira m'Zambezi pa Feira, pamene lero pachedwa Luangwa. M'dzinja mtsinjewo umasefukira, nusiya njira yace yakale, nukumba ina. Ndipo m'makhwawa osiyidwawo mumatsala maiwe amene saphwa msanga. Pa maiwe amenewo ndipo pamasonkhana nyama m'cilimwe: njobvu, njati, mvuu, mbidzi, nswala, ndi mikango yozitsata pambuyo.

Kwa zaka zopitirira 120 maboma olamulira dzikolo akhala alikulemba makonzedwe a kasungidwe ka nyama zimenezi, ndi a kalandiridwe ka alendo odzaziona. Nchitoyo ifuna maso oona patali, pakuti njobvu imakhala ndi moyo zaka ngati 60, imakhala ndi bere miyezi 22, ndipo imabala mwana mmodzi pakapita zaka zinai kapena zisanu. Cimene cionongeka m'zaka khumi sicikonzeka m'zaka khumi. Mbiri ya Malambo ionetsa kuti makonzedwe amene anawerenga nyama zokha, kapena alendo okha, sanakhalitsa; koma amene anawerenga pamodzi ndi anthu okhala pambali pa nyamazo ndiwo anabala zipatso, nthawi yonse imene anasungidwa.

BOMA LISANAFIKE

Cigwaco sicinali copanda eni. Munali Akunda, Abisa, Asenga, Ansenga ndi Aambo, amene analima mapira m'mbali mwa mitsinje, nawedza nsomba, nasaka nyama. Ng'ombe sanathe kuweta cifukwa ca kashembe, kotero kuti ndiwo ya nyama inacokera kuthengo. Kusaka nyama zazikuru sikunali kwa munthu ali yense. Kunali kwa alenje odziwika, okhala ndi miyambo yao ndi zoletsa zao. Njobvu ikaphedwa, mnyanga wa pansi, ndiwo umene unagunda nthaka pakugwa nyamayo, unali wa mfumu mwini dziko. Lamulo limeneli linakumbutsa mlenje ali yense kuti nyama iri ndi mwini, ndi kuti mwiniyo ali pafupi.

Malonda a minyanga ndiwo anayamba kugwedeza mwambowo. Abisa anachuka ndi kusenza minyanga kupita nayo ku Tete ndi kwa Ayao, amene anaifikitsa kunyanja yamcere. Mpwitikizi Lacerda anaoloka Luangwa m'caka ca 1798 pa ulendo wace wa kwa Kazembe. Monteiro ndi Gamitto anatsata njira yomweyo m'caka ca 1831. Ndipo David Livingstone anaoloka mtsinjewo mu December 1866. M'zaka zotsatira Acikunda ocokera ku Zumbo anakwera cigwa ndi mfuti zambiri, napha njobvu kosalekeza, nagulanso akapolo. Pamwamba pa izi, pakati pa 1892 ndi 1896, unadza mliri wa ng'ombe wochedwa rinderpest, umene unagwetsa njati ndi nyama zina zaziboda zosawerengeka. Pofika caka ca 1900 Malambo anali dziko losauka nyama.

MALAMULO OYAMBA

Azungu a British South Africa Company atagonjetsa Angoni a Mpezeni m'caka ca 1898, anakhazika Boma ku Fort Jameson, ndiko ku Chipata kwa lero. M'caka ca 1904 anapatula malo kutsidya la kum'mawa kwa Luangwa kuti asungiremo nyamalikiti wa mtundu wosapezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi, amene pambuyo pace anachedwa ndi dzina la Harry Thornicroft, mkuru wa Boma m'dera limenelo. Koma malowo anangolembedwa papepala, opanda anthu okwanira kuwalonda, ndipo m'caka ca 1911 lamulo lace linafafanizidwa.

M'zaka zimenezo malonda a minyanga anacepa, mfuti zinayamba kulembedwa, ndipo njobvu zinacurukanso. Madandaulo anafika ku maboma caka ndi caka akuti minda yatha ndi nkhokwe zapasulidwa. Boma la Northern Rhodesia, limene linalandira dziko kwa Kampani m'caka ca 1924, linaitana Captain C. R. S. Pitman, woyang'anira nyama wa ku Uganda, kuti ayendere dziko lonse. Iye anayenda mu 1931 ndi 1932, ndipo lipoti lace linaturuka m'caka ca 1934. Uphungu wace unali wakuti dziko ligawidwe: pakhale malo a nyama m'mene munthu sadzasaka, ndi malo a anthu m'mene njobvu zoononga zidzaphedwa ndi alenje a Boma. Potsata uphunguwo, pa 27 May 1938 anapatula nkhalango zitatu zosungiramo nyama: Luangwa wa kumwera, Luangwa wa kumpoto, ndi Lukusuzi.

Ici ndico cikonzero coyamba coyang'ana zaka za m'tsogolo, ndipo malire ace ambiri alipobe. Koma cinali ndi cilema cimodzi cacikuru. Anthu a m'cigwa sanafunsidwa monga eni, koma anauzidwa monga olamulidwa. Midzi ina inasamutsidwa. Mlenje amene atate wace anasaka pa dambo lakuti anapezeka kuti tsopano ali mbala pa dambo lomwelo. Njobvu sinadziwa malire a papepala, inaolokabe mtsinje usiku kukadya mapira. Koma mwini mapira akaitsata kutsidya anamangidwa. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kunena kuti nyama nza Boma, ndipo cinthu ca Boma panalibe wocimvera cisoni.

PANGANO LA MFUMU NSEFU

Mmodzi wa alenje a Boma amene anatumidwa kukapha njobvu zoononga minda anali Norman Carr, wobadwira ku Chinde m'dziko la Mozambique m'caka ca 1912. Atabwera ku nkhondo yaciwiri ya dziko lonse anakhala woyang'anira nyama m'cigwamo. Poyenda pansi m'midzi zaka zambiri, iye anazindikira kuti asilikari a nyama owerengeka sangathe kulonda dziko lalikuru cotere ngati eni midzi sakufuna. Tsono anapita kwa Mfumu Yaikuru Nsefu ya Akunda ndi mau acilendo m'masiku amenewo: kuti mfumu ipatule mbali ya dziko lace kum'mawa kwa mtsinje, anthu aleke kusakamo, alendo abwere kudzaona nyama ndi maso okha, ndipo ndarama zimene alendowo adzalipira zilowe m'thumba la cuma ca Akunda.

Mfumu Nsefu ndi akuru ace anabvomera, ndipo pofika caka ca 1950 malowo anatsegulidwa kwa alendo. Msasa wa Nsefu, wa tinyumba tozungulira tofolera ndi udzu, unamangidwa m'caka ca 1951, ndipo uwerengedwa msasa wakale koposa wa alendo oona nyama m'Zambia. Ndarama zace sizinali zambiri, pakuti miseu inali yoipa ndi alendo anabwera m'cilimwe mokha. Koma tanthauzo lace linali lalikuru. Malowo sanalandidwa, anaperekedwa ndi mwini. Njobvu yamoyo inayamba kulowetsa ndarama kwa anthu omwewo amene inawadyera mapira. Mwa njira yatsopano, mnyanga wa pansi unabwerera kwa mfumu.

Carr atapuma nchito ya Boma anayambitsanso kayendedwe kena ka alendo, kakuti mlendo atsike pagalimoto ayende pansi m'thengo, motsogozedwa ndi wodziwa mapazi a nyama ndi msilikari wa mfuti. Kayendedwe kameneka kanachukitsa Luangwa kumaiko akutali, ndipo kanapatsa nchito ana a m'cigwa amene anadziwa thengo kuyambira ubwana wao. Komabe tiyenera kukumbukira kuti alendo a masiku amenewo anali pafupifupi onse Azungu, a ku Fort Jameson, a ku Lusaka ndi a ku migodi. Mwana wa sukulu wa kwa Kakumbi kapena kwa Jumbe anadziwa njobvu monga mdani wa munda, sanaione konse monga cinthu cokaceza naco.

NJOBVU ZICURUKA

Dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964, kayendetsedwe ka maboma a m'midzi kanasintha. M'caka ca 1965 maulamuliro a mafumu ochedwa Native Authority anathetsedwa pamodzi ndi matumba ao a cuma, ndipo m'malo mwace munalowa makhonsolo. Colinga cinali kumanga mtundu umodzi. Koma m'Malambo cotsatira cace cinali cakuti ndarama za nyama zinayamba ulendo wa ku Lusaka, ndipo njira yobwerera inali yaitali. Lamulo latsopano la nyama linalembedwa m'caka ca 1968, ndipo m'caka ca 1972 nkhalango za Luangwa zinasandulika mapaki a dziko lonse. South Luangwa National Park inakhala ya masikweya kilomita 9,050, North Luangwa ya 4,636. Malo a Mfumu Nsefu analowetsedwa m'paki ya kumwera. Madera ozungulira mapaki, m'mene anthu akhala pamodzi ndi nyama, anachedwa Game Management Area. Limodzi la iwo ndilo Lupande, dziko la mafumu asanu ndi mmodzi a Akunda: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro.

M'zaka zomwezo akatswiri anali ndi nkhawa yina. Njobvu, pothawa minda ndi mfuti za kumapiri, zinaunjikana m'nkhalango zochinjirizidwa, ndipo zinagwetsa mitengo ya tsanya ndi kusenda milambe kufikira madera ena anasanduka zitsa zokhazokha. Mvuu nazo zinadzaza mtsinje. Boma linamanga nyumba yophera ndi kukonzera nyama kwa Kakumbi, ndipo pakati pa 1965 ndi 1969 njobvu pafupifupi 1,500 zinaphedwa mwa lamulo, nyama yace nigulitsidwa m'matauni. Nchitoyo inadya ndarama zambiri, inautsanso mikangano, ndipo inalekeka m'caka ca 1972.

Pofuna cikonzero cokhazikika, Boma linapempha thandizo la United Nations. Akatswiri a bungwe la FAO anakhala m'cigwa zaka zingapo, napima nthaka, mitengo, madzi ndi nyama, napereka malipoti ao m'caka ca 1973. M'caka comweco Graeme Caughley anawerenga njobvu ali m'ndege, napeza kuti m'dera limene anaulukamo munali njobvu ngati 86,000. Zipembere zinali zikwi zingapo, ndipo Luangwa anawerengedwa pakati pa malo a zipembere zambiri koposa m'Africa. Funso limene linadzaza mabuku a akatswiriwo linali lakuti, kodi nyama zocuruka cotere zicepetsedwe bwanji kuti nkhalango isathe? Nchito yao inali yaluso ndithu, ndipo ziwerengero zao zithandiza kufikira lero. Koma tsoka limene linali pakhomo linali losiyana ndi limene iwo analikonzekera.

ZAKA ZA MFUTI

M'caka ca 1975 mtengo wa mkuwa unagwa pa misika ya dziko lapansi, ndipo cuma ca Zambia cinagwa nao. Dipatimenti ya nyama inasowa mafuta a galimoto, nsapato za asilikari ndi zipolopolo. Nthawi yomweyo mtengo wa minyanga ya njobvu ndi nyanga za cipembere unakwera kwambiri kumaiko a kum'mawa, ndipo nkhondo za m'maiko oyandikana zinamwaza mfuti zankhondo ponseponse. Magulu a anthu okhala ndi mfuti zotere anatsika mapiri a Muchinga, nakhala m'thengo masabata, naturuka atasenza minyanga.

Maguluwo sakadatha kuyenda popanda wowasonyeza njira, wowagulitsa ufa, ndi wokhala cete powaona. Anthu a m'midzi sanali oipa mtima kuposa makolo ao. Koma munthu amene nchito yamthera, sopo ndi mcere zasowa m'sitolo, ndipo njobvu yamdyera munda popanda womlipira, sakadaona cifukwa cakuika moyo wace paciswe cifukwa ca nyama ya Boma. Wakupha njobvu anasiya nyama ya ndiwo pamudzi. Msilikari wa nyama anadza ndi unyolo. Sikunali kobvuta kudziwa amene mudzi udzamlandira.

Bungwe la Save the Rhino Trust linakhazikitsidwa m'caka ca 1979 kuti lithandize kulonda, ndipo m'caka ca 1982 Boma linaletsa kusaka njobvu konse. Asilikari a bungwelo anagwira nchito molimba mtima, namanga anthu ambiri, koma anali ocepa. Ofufuza amene anapenda nchito yao pambuyo pace anapeza kuti kuchinjiriza cipembere kunafuna mlonda mmodzi pa masikweya kilomita 20 ali onse, ciwerengero cimene Boma silikadacikwanitsa m'masiku amenewo. Pofika kumapeto a zaka za m'ma 1980 njobvu zambiri za m'cigwa zinali zitatha. Popeza akupha anasankha za minyanga, zotsala zambiri zinali zopanda minyanga: m'caka ca 1969 njobvu yaikazi imodzi mwa khumi inali yotere m'paki ya kumwera, koma m'caka ca 1989 zinali pafupifupi zinai mwa khumi. Cipembere cinatheratu, ndipo m'caka ca 1998 kunalengezedwa kuti cipembere cakuda mulibenso m'Zambia monse.

KUBWERERA KWA ENI DZIKO

Tsoka limeneli ndilo linakumbutsa akuru a Boma nzeru ya 1950. M'caka ca 1983 kunacitika msonkhano ku Nyamaluma, m'dera la Lupande, kumene anthu a Boma, akatswiri ndi mafumu anakambirana poyera cifukwa cimene anthu adana ndi nyama. Mwa msonkhanowo munaturuka nchito ziwiri. Yoyamba inali ADMADE, imene inaphunzitsa anyamata a m'midzi kukhala alonda a nyama za kwao, nibwezera kumidzi gawo la ndarama za alenje olemera ocokera kunja. Yaciwiri inali Luangwa Integrated Resource Development Project, yoyambika m'caka ca 1986, yothandizidwa ndi ndarama za dziko la Norway, ndipo Pulezidenti Kenneth Kaunda mwini wace anakhala pampando wa komiti yace yaikuru. Otsogolera ace oyamba anali Richard Bell ndi Fidelis Lungu.

Cikonzero cimeneci cinayang'ana paki ya kumwera ndi Lupande monga dziko limodzi. Cinakonza miseu, cinathandiza ulimi ndi madzi, cinaonjezera asilikari ndi kuwalipira bwino, ndipo ndarama za nyama zinasungidwa m'cigwa momwemo. Pamodzi ndi ciletso ca malonda a minyanga pakati pa maiko, cimene cinapanganidwa m'caka ca 1989, izi zinacepetsa kuphedwa kwa njobvu, ndipo ziwerengero zinayamba kukwera pang'onopang'ono.

Koma panaonekanso phunziro lina. M'zaka zoyamba gawo la anthu linapita kupyolera mwa mafumu ndi makomiti a pamwamba, ndipo munthu wamba sanadziwa kuti zalowa zingati ndi kuti zagwira nciani. Cifukwa cace m'caka ca 1996 malamulo anasinthidwa, kuti magawo 80 mwa 100 a ndarama za anthu apite ku magulu a midzi, amene anali opitirira 40. Mudzi wonse unasonkhana pansi pa mtengo, mitengo ya nyama zophedwa ndi alenje inawerengedwa poyera, ndipo anthu anasankha okha zingati agawane m'manja, zingati amangire sukulu, cipatala kapena citsime. Mkazi wamasiye amene analandira ndarama m'dzanja lace anamvetsa tsiku lomwelo cimene mabuku a akatswiri sanathe kumfotokozera, kuti njati yophedwa ndi khwekhwe la waya yabedwa kwa iye.

Lamulo la 1998 linakhazikitsa Zambia Wildlife Authority, linalamula kuti mapaki ndi madera ozungulira akhale ndi makonzedwe olembedwa a kasungidwe kace, ndipo linabvomereza mabungwe a anthu ochedwa Community Resources Board. Pa msonkho wa nyama zosakidwa ndi alenje panaikidwa kuti theka libwerere kwa anthu ndi mfumu yao. Papepala zinali bwino. Koma ndarama zinayambanso kudzera ku likulu, ndipo kawirikawiri zinafika mocedwa. Thandizo la maiko akunja nalo linali ndi malire ace, pakuti mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Bungwe la ZAWA linalemedwa ndi ngongole, ndipo lamulo la 2015 linalithetsa, nchito yace nibwerera m'manja mwa Boma pansi pa Department of National Parks and Wildlife. Munthu wobadwa m'caka ca 1938 akadakhala ndi moyo kufikira 2015, akadaona eni nyama akusinthika kasanu kapena kuposa, pamene njobvu inayendabe njira imodzi yomweyo ya kumadzi.

CIPEMBERE CIBWERA KWAO

Paki ya kumpoto ionetsa cimene kupirira kungacite. Bungwe la ku Germany la Frankfurt Zoological Society linayamba kuthandiza kumeneko m'caka ca 1986, ndipo silinacoke. Linayamba ndi zinthu zosaoneka zazikuru: nyumba za asilikari, zakudya za paulendo, mawailesi, miseu ndi ndege yolondera. Patapita zaka 17, pamene kunaoneka kuti malowo alondeka ndithu, ndipo anabweretsa zipembere zisanu kucokera ku South Africa m'caka ca 2003. Zina zinatsata, kufikira zonse zinakwana 25 m'caka ca 2010. Zinaikidwa poyamba m'malo ozingidwa ndi mpanda, zinalondedwa usana ndi usiku, ndipo zinayamba kuswana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma mtengo wace uyenera kukumbukiridwa: nyama zimene zinali zikwi m'caka ca 1973 zinabwera pa ndege zisanuzisanu, ndi ndarama zambirimbiri, ndipo cipembere cimabala mwana mmodzi pakapita zaka ziwiri kapena zitatu.

M'caka comweco ca 2003 inayambika nchito ya COMACO, imene igula mpunga, nsawawa ndi uci kwa alimi a m'cigwa pa mtengo wabwino, ngati iwo alonjeza kulima mosaononga nthaka ndi kupereka mfuti ndi makhwekhwe ao. Maganizo ace ndi akuti munthu wokhuta sachera msampha. Ndipo m'caka ca 2019 Boma linaleka maganizo akumanga damu la magetsi pa Ndevu Gorge, anthu ndi mafumu atadandaula kuti mtsinje ukatsekedwa, kusefukira kumene kumapanga maiwe ndi madimba kudzasokonezeka. Pamenepo cikonzero ca nyama cinafika pa muzu wace, pakuti nyama, nsomba, dimba ndi mlendo, zonse zidalira madzi amodzi.

ALENDO NDI ENI NYUMBA

Mapaki anachedwa a dziko lonse kuti mwana ali yense wa Zambia akhale ndi gawo m'menemo, la kuona, kuphunzira ndi kupumula. Mbali imeneyi ndiyo inatsalira m'mbuyo nthawi yaitali. Bwalo la ndege la Mfuwe ndi mlatho wa pa Luangwa zinafupikitsa ulendo, misasa ya alendo inacuruka, ndipo Mfuwe anakula kucokera pa midzi yowerengeka kukhala tauni ya masitolo ndi misika. Nchito zinapezeka za otsogolera alendo, ophika, oyendetsa galimoto, osoka ndi olima ndiwo zamasamba. Koma mitengo ya misasa yambiri inaikidwa poyang'ana thumba la mlendo wa kutsidya la nyanja. Ngakhale Boma linaika msonkho wolowera wocepa kwa nzika, mphunzitsi kapena kalaliki wa ku Chipata anasowabe galimoto ndi pogona pa mtengo umene angathe.

Amene anayamba kukonza cilema cimeneci ndiwo a makalabu a Chongololo, oyambika m'caka ca 1972, amene anaphunzitsa ana a sukulu za nyama ndi mitengo mwa timabuku ndi pa wailesi. Pambuyo pace mabungwe ena a m'cigwa ndi eni misasa anayamba kutenga ana a m'midzi kulowa nao m'paki, kuti aone mkango ndi nyamalikiti ali pagalimoto monga alendo. Ambiri a otsogolera alendo ndi asilikari a nyama a m'badwo uno anayambira pamenepo. M'caka ca 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatseka maulendo a ndege, misasa inakhala yopanda anthu ndi anchito ambiri anabwerera kumudzi. Caka cimeneco cinaonetsa kuti paki yodalira mlendo wakutali yekha iri ngati nyumba ya mzati umodzi.

Kucuruka kwa anthu ku Mfuwe kunadza ndi mabvuto acenso. Minda ndi nyumba zinamangidwa pa njira zakale za njobvu. Nkhuni ndi makala zinadya mitengo. Ndipo galimoto zambiri zinaunjikana m'kadera kamodzi ka paki pafupi ndi mlatho, pamene mbali zina zinakhala zosafikika. Ici ndico cifukwa cace makonzedwe olembedwa agawa dziko m'zigawo: pano pomanga misasa, apo poyenda pansi pokha, uko kosiyira nyama, ndi kunja kwa paki polima ndi podutsa njobvu. Koma mzere wolembedwa pa mapu ku ofesi sugwira nchito kufikira nyakwawa yogawa minda itaubvomera.

CIMENE MBIRI IPHUNZITSA

Poyang'ana zaka zonsezi, munthu aona kuti nzeru sizinasowe m'Malambo. Pitman anadziwa kuika malire, akatswiri a 1973 anadziwa kuwerenga, asilikari a 1980 anadziwa kulimba mtima. Cimene cinasowa kawirikawiri ndico kusunga pangano ndi anthu a m'midzi kwa nthawi yofanana ndi moyo wa nyama zomwezo. Pangano la Mfumu Nsefu linakhala zaka ngati 15 lisanasokonezeke. Linakumbukiridwanso patapita zaka pafupifupi 20, ndipo m'kati mwa zaka zimenezo zipembere zambiri zinatha. Kugawa ndarama pansi pa mtengo kunayamba m'caka ca 1996, ndipo sikunapite zaka zambiri ndarama zisanayambenso kuzungulira njira ya ku likulu.

Cikonzero ca zaka zambiri cifuna zinthu zimene sizioneka zaulemu pa msonkhano: malipiro a mlonda ofika pa tsiku lace, gawo la mudzi lowerengedwa pamaso pa onse, thandizo la msanga kwa mlimi amene munda wace wadyedwa usiku, ndi mpata wakuti mwana wa m'cigwa alowe m'paki pa cipata monga mwini. Mutu umodzi susenza denga. Boma liri ndi lamulo, akatswiri ali ndi ziwerengero, eni misasa ali ndi alendo, koma amene agona usiku pa nsanja kulinda mapira ndiye aona ali yense wolowa m'thengo ndi woturukamo. Iye akayesa njobvu cuma cace, nkhalango iri ndi alonda m'mudzi uli wonse. Akaiyesa nyama ya eni, mbiri ya 1975 kufikira 1989 yaonetsa kale cimene cimatsata.

Mwana wa njobvu wobadwa m'Malambo caka cino angathe kukhala ndi moyo kufikira zaka za m'ma 2080. Maboma adzasinthika, mabungwe adzabwera ndi kupita, ndipo amene alemba makonzedwe lero sadzakhalapo. Amene adzakhala naye pafupi masiku ace onse ndiwo ana ndi adzukulu a kwa Nsefu, kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Jumbe, kwa Malama ndi kwa Msoro. Cikonzero ciri conse cimene cifuna kufika kumene njobvuyo idzafika ciyenera kulembedwa pamodzi ndi iwo, ndi kusungidwa monga momwe cinalembedwera.